Mafunso a Owerenga: Ndikachoka pa Windows, ndilowere ku Linux iti?

FUNSO

Akonzi, ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza, ndipo ndili ndi laputopu ya HP ya kaunjika yomwe ndinagula zaka zinayi zapitazo. Ili ndi purosesa ya Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi komanso RAM ya 4GB. Masiku ano ikundichenjeza kuti Windows 10 yatha nthawi yake, ndipo ikukana kulandira Windows 11. Mwana wa mchemwali wanga akuti ndiike Linux, koma nditafufuza ndapeza mayina ambirimbiri monga Ubuntu, Mint, Zorin, Fedora, Arch ndi Kali, mpaka mutu waima. Ntchito yanga ndi kulemba mayeso, kusunga malikisi a ophunzira mu Excel ndi kuwerenga nkhani pa intaneti. Kodi munthu wongoyamba kumene ngati ine asankhe iti?

Mphunzitsi, Dedza

YANKHO

Aphunzitsi, chenjezo limene mukuonalo ndi loona. Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza zachitetezo za Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa anthu amene analembetsa mu ndondomeko yowonjezera chaka chimodzi, ndipo Windows 11 imafuna chipangizo chotchedwa TPM 2.0 pamodzi ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Laputopu yanu siinawonongeke ayi. Ipitiriza kuyaka monga mwa masiku onse, kungoti mipata imene akuba a pa intaneti aziitulukira kuyambira tsopano izikhala yopanda woitseka. Choncho malangizo a mwana wa mchemwali wanuyo ndi anzeru.

Kuchuluka kwa mayina kusakuzunguzeni. Linux yeniyeni ndi gawo la m'kati lokha, lotchedwa kernel, limene limalankhula ndi zipangizo za kompyuta, ndipo analiyambitsa ndi Linus Torvalds m'chaka cha 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Popeza malemba a pulogalamuyi ali poyera kuti aliyense awawerenge, awasinthe ndi kugawira ena, zimene zimatchedwa open source, magulu osiyanasiyana amatenga gawo limenelo, kuwonjezerapo mapulogalamu ndi maonekedwe awo, n'kutcha dzina. Chimanga n'chimodzi, koma wina waphika nsima, wina phala, wina wafulula thobwa. Ambiri mwa mayinawa ndi apachibale ndithu: Debian, yomwe Ian Murdock anaiyamba mu 1993, ndiye agogo, Ubuntu ya 2004 inabadwa kwa Debian, ndipo Linux Mint ndi Zorin OS ndi adzukulu, chifukwa zonse ziwiri zimamangidwa pa Ubuntu.

Ine ndikukulangizani kuti mutenge Linux Mint, imene Clément Lefèbvre wa ku France anaiyamba mu 2006. Chifukwa choyamba n'chakuti maso anu sadzachita chilendo. Mtundu wake wotchedwa Cinnamon uli ndi batani la mndandanda wa mapulogalamu pakona yakumanzere m'munsi, wotchi ndi chizindikiro cha Wi-Fi kudzanja lamanja, ndi mafoda otseguka monga momwe munazolowerera, kotero kuti tsiku loyamba lomwelo mutha kulemba mayeso osafunsa munthu. Imabwera ili kale ndi Firefox yotsegulira masamba a pa intaneti ndi LibreOffice yogwira ntchito ngati za Word ndi Excel, ndipo mapulogalamu ena mumawatenga pa Software Manager pongodina, monga momwe mumachitira pa Play Store m'foni. Chachiwiri ndi kukhalitsa kwake: Mint 22, yomwe inatuluka mu July 2024, idzalandira zokonza mpaka 2029, ndipo imakusiyirani ufulu wosankha nthawi yozilandira, osati kukuzimitsirani makina muli pakati pa ntchito. Chachitatu n'cha m'thumba. Fayilo yoikira Mint ndi ya 3GB kapena kucheperako pang'ono, pamene ya Ubuntu 24.04 ikuyandikira 6GB, ndipo aliyense wogula bandulo ya intaneti ndi ndalama zake akudziwa kuti kusiyana kumeneko si kwamasewera.

Eni ake a Mint amanena kuti RAM ya 2GB ndi yokwanira kuyambira ndipo 4GB ndiyo yabwino, choncho makina anu akukwanira. Komabe chimene chimadya RAM masiku ano ndi masamba a pa intaneti, osati Linux. Mukaona kuti Cinnamon ikukoka miyendo mukatsegula masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, tengani mtundu wa Xfce, umene ndi Mint yomweyo yovala zopepuka. Ndipo mukadzapeza kangachepe, kuwonjezera RAM kufika 8GB kapena kuchotsa hadi disiki yakale n'kuikamo SSD, disiki yamakono yothamanga kwambiri, kudzasintha liwiro la laputopuyo kuposa kusinthasintha mayina a Linux.

Ubuntu sindikuinyoza. Anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa kudzera mu kampani yake ya Canonical, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Mitundu yake yokhalitsa, ya LTS, imatuluka mu April zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa zaka zisanu. Kungoti maonekedwe ake, okhala ndi mzere wa mapulogalamu cha kumanzere, amafuna kuzoloweranso, ndiponso ndi yolemererapo pa makina a 4GB. Ubwino wake mudzaudyabe muli pa Mint, chifukwa malangizo ambiri olembedwera Ubuntu amagwiranso ntchito kumeneko. Zorin OS, yopangidwa ndi abale awiri a ku Ireland, imayesetsa kwambiri kufanana ndi Windows ndipo ingakhale yachiwiri pa kusankha kwanu, malinga mudziwe kuti mtundu wa Core ndi waulere pamene wa Pro ndi wogula. Fedora ndi yabwino koma imatuluka yatsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndipo iliyonse imasamalidwa miyezi 13 yokha, zomwe zikutanthauza kugula bandulo yaikulu chaka ndi chaka. Arch imafuna munthu wodziwa kale kulemba malamulo pa terminal, pomwe kompyuta imalamulidwa polemba mawu osati podina zithunzi. Kali ndi chida cha akatswiri oyesa chitetezo cha makompyuta, ndipo achinyamata ambiri amaiika pongofuna kuoneka odziwa; mwana wa mchemwali wanu akaitchula, mukane mwaulemu.

Tsopano gawo limene ndikufuna mulisamalire koposa, chifukwa dzina limene ndakupatsani silingapose umboni wa makina anu omwe. Linux Mint mutha kuiyesa osakhudza Windows m'pang'ono pomwe. Pezani fulashi ya 8GB yopanda kanthu kofunika, popeza zonse zili m'menemo zidzafufutika, tengani fayilo ya Mint pa webusaiti yake yeniyeni, ndipo muilembe pa fulashiyo ndi pulogalamu yaulere ya Rufus kapena balenaEtcher. Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, ndipo poyatsa dinani F9 mobwerezabwereza, lomwe ndi batani la makina a HP (a Dell ndi a Lenovo ambiri amagwiritsa ntchito F12). Sankhani fulashi pa mndandanda umene udzaoneke, ndipo pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri mudzaona Mint yathunthu ikuyenda kuchokera pa fulashipo. Idzakhala yochedwerapo kuposa mmene idzakhalire mukaiika, choncho musaiweruze pa liwiro.

Pamenepo khalani pansi madzulo amodzi ndipo muiyese ngati mmene mumayesera njinga musanalipire. Lumikizani Wi-Fi, imbani nyimbo kuti mumve ngati sipika zikutulutsa mawu, dinani mabatani owonjezera ndi kuchepetsa kuwala kwa sikirini, yesani kamera, ndipo ngati kusukulu kuli purinta, ilumikizeni n'kusindikiza tsamba limodzi. Malaputopu ena akale ali ndi khadi la Wi-Fi la Broadcom limene silidzuka lokha. Zikatero, mukaika Mint mulumikize foni yanu ndi chingwe, muyatse USB tethering kuti foniyo igawire laputopu intaneti, ndipo mutsegule Driver Manager kuti ikupezereni driver, kapulogalamu koyendetsa khadilo. Mapurinta a HP kawirikawiri amadziwika okha, pamene ena a Canon ndi Epson amafuna kuwatengera driver padera.

Koposa zonse tsegulani mafayilo anu enieni, osati tsamba lopanda kanthu. Microsoft Word ndi Excel za pa kompyuta siziikidwa pa Linux, ndipo m'malo mwake mudzagwiritsa ntchito Writer ndi Calc za LibreOffice, zomwe zimatsegula ndi kusunga docx ndi xlsx. Ndandanda ya malikisi yokhala ndi kuwonkhetsa, kupeza avereji ndi kusanja ophunzira motsatira mmene akhozera idzayenda bwinobwino, koma ngati wina anakuikiranimo ma macro, timapulogalamu togwira ntchito zobwerezabwereza tokha, ena mwa iwo akhoza kukana. Pa mayeso, chimene chimavuta kawirikawiri ndi mtundu wa zilembo: Calibri ndi ya Microsoft, ndipo ikasowa, LibreOffice imaikapo ina, kenaka funso lachisanu ndi chitatu limene linali pansi pa tsamba loyamba limapezeka ladumphira tsamba lachiwiri, kusiya chithunzi chake m'mbuyo. Mankhwala ake ndi kuika zilembo zaulere za Carlito, zomwe kukula kwake n'kofanana ndi Calibri, ndiponso kusandutsa pepala lililonse kukhala PDF musanapite nalo kokasindikiza.

Zonse zikayenda bwino, koperani mafayilo anu onse pa fulashi ina kapena pa hadi disiki yakunja musanadine batani loikira, ndipo mutsegule angapo kuti mutsimikize kuti akoperedwadi. Pulogalamu yoikira idzakufunsani ngati mukufuna kufufuta disiki yonse kapena kuika Mint pambali pa Windows kuti muzisankha poyatsa. Kwa teremu yoyamba sankhani kuika pambali, mutazimitsa kaye Fast Startup mu Windows, ndipo ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, mulembe kiyi yake papepala. Ntchitoyi imatenga mphindi zosakwana 30 pa makina ambiri, koma batire la laputopu ya kaunjika silikhala lodalirika, choncho muichite nthawi imene muli ndi chikhulupiriro kuti magetsi sathima, chifukwa makina akazima pamene disiki ikugawidwa mutha kutaya Windows ndi Mint zonse pamodzi. Mukamaliza, tsegulani Timeshift kuti izisunga chithunzi cha mmene makina alili, chimene mungabwerereko tsiku limene chinachake chasokonekera.

FUNSO

Akonzi, ndili ndi shopu yolemba ndi kusindikiza makalata, makadi a ukwati ndi zikwangwani, ndipo ndili ndi makompyuta atatu. Mavayirasi obwera ndi mafulashi a makasitomala anditopetsa. Ndamva kuti Linux ndi yaulere ndipo siigwidwa ndi vayirasi. Kodi ndiike pa onse atatu? Makadi timapangira CorelDRAW ndi Photoshop.

Mayi wa bizinesi, Lilongwe

YANKHO

Mayi, musaike pa onse atatu. CorelDRAW ndi Photoshop za masiku ano zilibe mtundu wa Linux, ndipo ngakhale pali pulogalamu ya Wine imene imayendetsa mapulogalamu ena a Windows, sindingakulangizeni kutsamira pa iyo pamene kasitomala waima pakhomo kudikira makadi a ukwati wa Loweruka. Inkscape ndi GIMP zimagwira ntchito yofananayo mwaulere, koma wantchito wanu adzafunika miyezi kuti manja azolowere, ndipo mafayilo akale a CorelDRAW satseguka bwino nthawi zonse. Kompyuta yojambulira ikhale pa Windows.

Imene muyenera kuikapo Mint ndi ya pakauntala, yolandirira mafulashi. Vayirasi yotchuka ija, imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut m'malo mwake, inalembedwera Windows ndipo pa Linux siingadzuke. Mudzaona mafoda obisidwawo ali poyera pamodzi ndi timafayilo tachilendo timene mungafufute. Kunena kuti Linux siigwidwa konse n'kukokomeza, chifukwa mapulogalamu oipa olembedwera iyo alipo, kungoti ndi ochepa pa makompyuta a anthu wamba. Dziwaninso kuti fayilo ya Word yokhala ndi vayirasi imakhalabe nayo ikadutsa pa Linux, choncho kompyuta ya Windows isakhale yopanda antivirus. Za mtengo mwamva zoona: Mint mutha kuiika pa makompyuta onse amene mungafune, ngakhale a bizinesi, popanda kulipira layisensi.

FUNSO

Ndimalemba mabuku a nyimbo ndi timapepala ta kumpingo m'Chichewa. Kodi chilembo cha ŵ ndidzachipeza bwanji pa Linux?

Mlembi wa mpingo, Chipata

YANKHO

Alembi, pa Linux n'chosavuta kusiyana ndi pa Windows. Lowani m'makonzedwe a kiyibodi, pezani mawu akuti Compose key, ndipo musankhe batani limene simuligwiritsa ntchito kawirikawiri, monga Alt yakumanja. Mukatero, dinani batanilo, kenaka chizindikiro cha ^, kenaka w, ndipo ŵ idzatuluka. Mukadina W wamkulu mudzapeza Ŵ. Mu LibreOffice mulinso njira ina, yolemba U+0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Popeza mawu okhala ndi chilembochi mumawabwereza tsamba ndi tsamba, tsegulani AutoCorrect mu Writer ndipo mulembemo kamodzi kuti Malawi azisanduka Malaŵi, n'kuwonjezeramo mawu ena onse amene mpingo wanu umawalemba motero.