Kodi fyuluta ingachotse kuwala kwa magetsi pa zithunzi za nyenyezi?

Bambo wina wa ku Matawale wandilembera imelo. Akuti akajambula nyenyezi kuseli kwa nyumba, thambo limatuluka lotuwa mbuu, ndiye akufunsa ngati kugula fyuluta, kagalasi koika pa kamera kotchinga kuwala kwa magetsi, kungathandize.

Bambo, musathamangire kutulutsa ndalama. Yambani mwatuluka panja usiku, muone magetsi amene akuzungulirani. Fyuluta imatchinga mitundu ina ya kuwala, ina n'kuilola kudutsa. Mababu akale achikasu aja a sodium amatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi, cha pa 589 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala), choncho savuta kuwatsekera kunja. Koma mababu oyera a LED amene tadzaza m'makonde poopa akuba amatulutsa pafupifupi mitundu yonse, ngati mmene zimachitira nyenyezi. Mukawatchinga amenewo, nyenyezinso mwazitchinga.

Pamene fyuluta imagwiradi ntchito ndi pa nebula, mitambo ya mpweya wowala ija ya pakati pa nyenyezi. Haidirojeni wake amawala mofiira pa 656 nm, okosijeni pa 501 nm. Fyuluta ya dual-band, monga Optolong L-eXtreme, imatsegula timipata tiwiri tokhati, kwina konse n'kutseka. Ndipo apa ife a ku Zomba tili ndi mwayi ndithu. Tili madigiri 15 kummwera kwa ikweta, ndiye Carina Nebula imakwera bwino madzulo a mu Marichi ndi Epulo, pomwe ku London saiona n'komwe. Mukaijambula ndi fyuluta yotereyi, thambo limada bii, kufiira kwa mpweyawo n'kuonekera mpaka timizere takuda todutsa pakati pake. Dziwani kuti kuwala kolowa mu kamera kumachepa, kotero chithunzi chilichonse chimafuna mphindi zingapo, ndipo kamera iyenera kukhala pa makina otsatira nyenyezi. Ngati makinawo mulibe, yambirani amenewo.

Pojambula Mlalang'amba wonse, fyuluta ichotseni. Kumeneko kuwala kwambiri n'kwa nyenyezi.

China chimene ndikuganiza kuti chikukuvutitsani ndi utsi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala anthu amatentha tchire, fumbi nalo lili m'mwamba, ndipo zimenezi zimamwaza kuwala kwa tauni thambo lonse. Yesani mu Meyi, mvula itangotha, chiperoni chisanayambe, usiku wopanda mwezi. Apempheni aneba mwaulemu azimitse babu lapakhonde kwa ola limodzi. Zikakanika, kwerani ku Chawe kapena tulukani cha ku Jali, mujambulenso ndi kamera yomweyo, ndipo mudzanditumizire zithunzi zonse ziwiri tidzaone ngati fyulutayo ikufunikabe.