Achimwene, musagule motherboard ina musanayeze PSU

Achimwene, mwalemba kuti kompyuta yanu ikumazima yokha n'kuonetsa uthenga wa Anti-Surge, chitetezo cha pa motherboard chomwe chimazimitsa makina chikaona kuti magetsi ochokera ku PSU (bokosi lopereka magetsi m'kompyuta) sali bwino. Zimitsani kaye kompyutayo, muchotsenso pulagi kukhoma. Aja akukuuzani kuti ingolowani mu BIOS (pulogalamu ya motherboard yomwe imayamba Windows isanatseguke) muzimitse Anti-Surge kuti uthengawo usiye kubwera akukuputsitsani. Kumeneko kuli ngati kumata tepi pa kagetsi kofiira ka pa dashibodi ya minibasi n'kumati injini yachira.

Mwati 12V ikuonetsa 11.2 ndipo makina akuzima gemu ikangoyamba. Pa muyezo wa ma PSU wotchedwa ATX 2.x, malire ndi 5 peresenti uku ndi uku: 12V iyenera kukhala pakati pa 11.40 ndi 12.60, 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25, pomwe 3.3V ndi 3.14 mpaka 3.47. Ndiye 11.2 yanuyo yatuluka kale mumpanda. Koma nambala ya pa sikirini imachokera ku kachipu ka pa motherboard, ndipo kachipu kameneka kamanama nthawi zina, makamaka pulogalamu yowerengera ikakhala yakale. Bwerekani multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), ikani pa DC 20V. Nsonga yakuda igunde waya wakuda, yofiira igunde wachikasu, ndiyo 12V. Waya wofiira ndi 5V, wa olenji ndi 3.3V. Pophweka ndi pa pulagi ya Molex, ya mabowo anayi ija yochokera ku PSU, yomwe ikungolendewera. Yezani kompyuta ili yoyaka koma isakuchita kanthu, muyezenso gemu ikuyenda, chifukwa PSU yotopa imaonetsa 12.1 yabwinobwino ikakhala kuti sikugwira ntchito, katundu akangoikwera n'kugwada. Zoti mulumikize waya wobiriwira ndi wakuda pa 24-pin (pulagi yaikulu yopita ku motherboard) fani n'kuzungulira, zimangokuuzani kuti PSU siinafe, sizikuuzani kuti ili bwino.

Chimandipweteka n'chakuti zinthu zimenezi zimatha mofanana nthawi zonse. Imayamba ndi kuzima kamodzi pa sabata, Windows n'kulemba Kernel-Power 41 mu Event Viewer, munthu n'kumati mwina ndi vairasi. Kenako tsiku lina usiku, magetsi angobwera pambuyo pa load shedding, wadina batani, fani yazungulira theka la sekondi, phwa! Kakuwala kabuluu kumbuyo kwa kesi, switch ya pa bokosi la magetsi a nyumba (DB) yagwa, nyumba yonse mdima, a landlord akugogoda. Fungo lake limakhala ngati pulasitiki yopserera yosakaniza ndi nsomba yowola, ndipo limakakamira m'makatani masiku angapo. Ukawalitsa tochi ya foni upeza pini imodzi ya 24-pin yada bii, pulasitiki yasungunuka n'kumatirira, osazukanso. Mawa lake ubwereka PSU kwa mnzako, uyatsa, zii. Uchotsa graphics card, zii. Utenga SSD kukaiyesa pa kompyuta ina, siikuoneka n'komwe, ndipo mmenemo ndi momwe munali zithunzi za ana kumudzi, CV, masikani a pasipoti ndi permit. Kabokosi kotchipa kuposa china chilichonse m'kesimo kapha zonse zodula.

Ndipo amene amatigulitsa zinthu zimenezi m'timashopu ta mu Johannesburg muno amadziwa bwino lomwe chomwe akuchita. Pa bokosi alemba 650W zilembo zikuluzikulu, koma ukanyamula chikupepuka ngati mulibe kanthu. Werengani kasitika ka m'mbali, pa mzere wa +12V. Ngati palembedwa 20A, chulukitsani ndi 12, mupeza 240W basi, ndiyo mphamvu yeniyeni yomwe CPU ndi graphics card zikulimbirana. Ma watt enawo anawaunjika pa 5V ndi 3.3V pomwe kompyuta ya masiku ano sikoka zambiri. PSU yoona ya 650W imapereka pafupifupi 54A pa 12V. Ukabwerera kukadandaula amakuuza kuti ndi mphenzi, zapsa ndi iwe, “no refund”, komanso akamva kalankhulidwe kako amadziwa kuti mlendo uyu sapita patali. Risiti sapereka dala. Chonsecho lamulo la ku South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limati katundu wogula m'shopu akapezeka ndi vuto m'miyezi 6 ungathe kumubweza, akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama. Popanda risiti umayambira pati? Nacho chizindikiro cha 80 Plus chisakunamizeni, chimanena za kusawononga magetsi, osati kulimba kwake, ndipo ena amangochisindikiza.

Musanaiweruze PSU, onani mawaya. 24-pin ilowe mpaka kaloko kake kalire kuti tha, chifukwa ikalowa theka pini imatentha ndipo voteji imatsika pomwepo. Pulagi ya 8-pin ya CPU ndi ya 6+2 ya graphics card zimaoneka ngati mapasa koma mawaya ake anasemphana, musakakamize. Ngati graphics card mwaipatsa magetsi kudzera pa adaputa yochokera ku SATA, vuto lanu mwina ndi limenelo: pulagi ya SATA imatha pafupifupi 54W pa 12V, pomwe 6-pin imayembekezeka kupereka 75W ndipo 8-pin 150W. Ngati PSU ndi ya modular (ya zingwe zozuka), musasakanize zingwe za PSU ina ngakhale zikulowa bwinobwino, ma drive ambiri afera pamenepa. Onaninso kuti pansi pa motherboard palibe standoff (kachitsulo komwe motherboard imakhalapo) yotsalira pamalo opanda bowo la sikuluwu. Batire ya CR2032 ya pa motherboard ikatsika kwambiri pansi pa 3V nayo imasokoneza BIOS, ndi yotchipa, ingosinthani. PSU yokhayo musaitsegule, ma capacitor aakulu amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale mutazula pulagi.

Khoma nalonso lionedwe. M'ma backroom athu ambiri ku Rosettenville, Turffontein kaya Yeoville, extension imodzi imanyamula ketulo, two-plate, hita ndi kompyuta. Mu June wina akangoyatsa hita, 230V ija imatsika, PSU yofooka n'kulephera kugwira. Kompyuta ikhale ndi soketi yakeyake yokhala ndi earth. Magetsi akapita zulani pulagi, akabwera dikirani mphindi zingapo. Nyengo ya mvula mphenzi za ku Johannesburg sizisewera, zulaninso waya wa intaneti ngati ndi wa kopa. Mukafuna UPS (bokosi la batire lomwe limagwirizira kompyuta magetsi akapita) pezani yolembedwa pure sine wave, chifukwa zotchipa zija ma PSU ena olembedwa active PFC amazima nazo pa nthawi yomwe UPS ikulandira katundu.

Komabe, ngati multimeter ikuonetsa 12.0 kapena 12.1 osagwedezeka gemu ili mkati, wabodza ndi sensa ya motherboard. Pamenepo ikani BIOS yatsopano, bwezerani zonse pa default, ndipo uthengawo ukapitirira zimitsani Anti-Surge ija, palibe chomwe chipse. Ikatsika pansi pa 11.4, PSU ichoke lero lomwe, ndipo musagule yakale. Kungoti ndalama zikavuta, yakale ya Seasonic kapena Corsair yomwe mwaiyeza nokha pamaso pa mwini wake ndi yabwino kuposa yatsopano yopanda dzina. Tijambulireni kasitika ka PSU yanuyo mutiuzenso graphics card yomwe muli nayo, tiwerengere limodzi ma amp.