Njinga yopalasira m'nyumba ya munthu wofooka mbali imodzi: yosasokosa komanso yotheka kukonza

Mayi wina amene akusamalira bambo ake wandilembera imelo. Mwachidule akuti: "Bambo anga adadwala sitiroko, mwendo ndi mkono wakumanzere zidafooka. M'nyumba amayenda ndi ndodo, koma ulendo ukatalika amakwera chikuku. A mafizo adati azipalasa njinga yolimbitsira thupi tsiku ndi tsiku. Yomwe tidagula inkasokosa mpaka okhala m'chipinda cha pansi pathu adadandaula, kenako pedulo idathyoka, sipeya yake osapezeka. Tigule yotani yoti isamasokose, ndipo ikawonongeka tizitha kuikonza?"

Mayi, mwafunsa za phokoso ndi masipeya, koma ndiloleni ndiyambe ndi lomwe simunafunse. Kodi bambo azikwera bwanji, nanga phazi lofookalo likhazikika bwanji pa pedulo? Njinga ikakanika pamenepo, kaya ikhale yachete chotani, idzangodzaza malo m'nyumba.

Njinga zija zokhala ndi chishalo chaching'ono m'mwamba zimafuna munthu aimirire ndi mwendo umodzi, winawo audumphitse chitsulo chapakati. Kwa bambo anu apo ndi pogwera. Choncho funani yokhala ndi mpando wotsamira, mapedulo ali kutsogolo, pakati pake potseguka mpaka pansi kuti phazi lingodutsa osalikweza. Ikhale ndi zogwirira m'mbali mwa mpando, ndipo mpandowo kutalika kwake kuyandikane ndi kwa chikuku chawo. Makina a NuStep ali ndi mpando wotembenukira kumbali, munthu n'kukhala kaye kenako n'kuzungulira, ngakhale kuti iwo miyendo imachita kukankha, osati kuzungulira.

Zimene ndikukuletsani ndi njinga za spinning zimene mumaziona m'malo ochitira majimu. Zambiri mwa izo gudumu lake lolemera, la makilogalamu 18 kapena 20, lidalumikizidwa ndi mapedulo popanda firiwiro. Munthu akasiya kupalasa, mapedulo sasiya, amapitiriza kukoka miyendo. Phazi lofooka likapulumuka, pedulo imabwera n'kumenya msongolo, ndipo likakhala lomangidwa pamene mwendo wauma mwadzidzidzi, bondo ndi kakolo ndi zimene zimavutika. Muyezo wa ISO 20957, womwe umaona za chitetezo cha makina olimbitsira thupi, udachita kupatula gawo lakelake la njinga zopanda firiwiro, gawo 10. Muyezo womwewo umagawa makina m'magulu: H ndi a pakhomo, S ndi a kujimu ogwira ntchito tsiku lonse, pomwe I ndi opangidwa moganizira anthu aulumali. Chilembocho chimakhala pa kapepala komatidwa pa felemu, pamodzi ndi kulemera kwa munthu kumene njingayo ingapirire. Werengani kapepala kameneko musanamve zonena za wogulitsa.

Kwa amene satha kuchoka pa chikuku kuli makina ngati MOTOmed ndi THERA-Trainer, onse a ku Germany. Munthu amangoyandikira ali pa chikuku chake, mota n'kumazungulitsa miyendo kapena kungothandizira pamene mphamvu yaperewera, ndipo minofu ikakokana makinawo amazindikira n'kuima. Ndi abwino ndithu, koma mota ndi zamagetsi zake amakonza ndi eni ake okha kapena amene adawaphunzitsa. Poti bambo anu amaimirira, sindikuona chifukwa chothamangira kumeneko pokhapokha a mafizo atanena.

Tsopano phazi. Kalamba kamodzi kodutsa pa zala sikakwanira, chifukwa phazi lofooka limatsetserekera m'mbuyo ndipo bondo limagwera kunja. Pamafunika pedulo yotambalala yokhala ndi potsekera chidendene ndi malamba awiri, mwinanso chogwirira katumba ngati bondo likugwa kwambiri. Apa ndi pamene nkhani ya masipeya imalowera. Mapedulo a njinga zambiri za akuluakulu ali ndi mazinga a 9/16 inchi, ndipo mapedulo apadera a anthu aulumali nawonso ambiri amabwera mu saizi yomweyo. Njinga yanu ikakhala ya 9/16, mungachotse pedulo yomwe idabwera nayo n'kuikapo imene ikuyenera phazi la bambo. Zina zotsika mtengo zimakhala za 1/2 inchi, saizi ya njinga za ana ndi zina za crank (mkono umene pedulo imamangidwapo) ya chitsulo chimodzi. Yakale ija musanaitaye, masulani pedulo yotsalayo mupite nayo kwa wokonza njinga wamba akaione. Mwina mumafunsa sipeya potchula dzina la makinawo, pamene ndi pedulo wamba.

Chinanso, kuti pedulo izungulire yonse pa crank wamba ya mamilimita 170, bondo limafunika kupinda pafupifupi madigiri 110. Ngati la bambo silifika pamenepo, pali kachitsulo komangirira pa crank kokhala ndi mabowo angapo, kamene kamasendeza pedulo kufupi ndi pakati kuti mzungulo uchepe. Nakonso nthawi zambiri n'ka 9/16.

Phokoso limachokera malo atatu. Poyamba ndi chimene chimalimbitsa kupalasa. Za mphepo, monga Schwinn Airdyne kapena Concept2 BikeErg, n'zolimba ndipo masipeya ake amagulitsidwa poyera, koma fani yake imalira kwambiri munthu akamawonjezera liwiro. M'nyumba yosanja sizikuyenerani. Zina zimagwiritsa ntchito kachikopa kapena kansalu kokhuthala kokhudza gudumu ngati buleki. Izi zimachita kuti shiii nthawi yonse, ndipo kachikopako kakauma kamayamba kulira. Kukonza kwake n'kosavuta, koma si zachete. Zachete ndi za maginito. Maginitowo sakhudza gudumu, amangoliyandikira, ndipo mphamvu yake imalibweza popanda kukhulana. Palibe chimene chimaperepeseka pamenepo.

Kachiwiri ndi chokokera gudumu. Tcheni chimalira, chimafuna mafuta, ndiponso chimadetsa. Lamba wamizeremizere salira ndipo safuna mafuta. Ndiye yankho lalifupi la funso lanu ndi ili: maginito ndi lamba.

Kachitatu, kamene anthu ambiri amaiwala, ndi pansi. Okhala pansi panu sankamva kulira kwa njingayo kokha, ankamva kugunda kodutsa m'simenti kapena m'matabwa. Bambo amakankha mwamphamvu ndi mwendo wakumanja, wakumanzere n'kumangotsatira, choncho njinga imapendamira mbali imodzi pa mzungulo uliwonse. Ngati phazi limodzi la njingayo silikufika pansi bwino, imagogoda. Pansi pa njinga zambiri pali timapazi tamazinga. Tizungulizeni mpaka njinga isiye kugwedera mukaikankha ndi dzanja. Kenako yalani mphira yokhuthala ndi yolimba pansi pake, osati siponji yofewa yomwe ingaiyendetse uku ndi uku. M'mphepete mwa mphirayo musatukuke, pangakole ndodo kapena phazi lokwakwaza.

Pa nkhani yokonza, maganizo anga ndi akuti njinga yopanda zambiri ndiyo yabwino. Za maginito zilipo za mitundu iwiri. Ina ili ndi kogwira kozunguliza ndi dzanja, kamene kamakoka waya ngati wa buleki kusendeza maginito. Ina ili ndi mabatani pa sikirini, ndipo kamota kam'kati ndi kamene kamasendeza. Yoyambayo sikirini ikafa, bambo apalasabe, kungoti sadziwa mtunda. Yachiwiriyo sikirini kapena kamota kakafa, njinga imakakamira pa mphamvu imodzi, mwina yolemera kwambiri, ndipo bolodi yake ya zamagetsi simungaipeze kwina koma kwa amene adaipanga. Za njinga zofuna intaneti ndi kulipira mwezi ndi mwezi kuti zigwire ntchito yonse, ndisachite kunena. Kungoti onetsetsani kuti kogwirako bambo angakafikire ndi dzanja lamanja ali chotsamira. Kogwira kolira kuti ke, ke pa sitepe iliyonse n'kabwinonso kwa munthu wosaona, amene sikirini yosalala simuuza kanthu.

Musanalipire, pemphani buku lake muone ngati lili ndi chithunzi choonetsa ziwalo zonse ndi manambala ake. Yang'anani chivundikiro cha pulasitiki: chomangidwa ndi masikuluwu chimatseguka n'kutsekekanso, chongokolekera chimathyoka timano. Funsani nambala ya lamba. Ikakhala ngati 430J6, ndiye kuti ndi lamba wamba wotalika mainchesi 43 wa mizere 6, ndipo ogulitsa malamba a makina amamudziwa. Mabering'i akhalenso a manambala wamba monga 6203 kapena 6004. Wogulitsa akayankha kuti "sizionongeka zimenezi", tulukani.

Kusamala kwake sikochuluka. Thukuta lili ndi mchere ndipo limachititsa dzimbiri, choncho pukutani felemu, mabawuti ndi njanji ya mpando bambo akangotsika. Mwezi woyamba muzikunga mabawuti sabata iliyonse, chifukwa njinga yatsopano imakhwefuka ikamakhazikika. Pambuyo pake kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Sipanala ya 15 ndi ma Allen key zikugwirirani ntchito yambiri. Kumbukirani kuti pedulo yakumanzere mazinga ake ndi otembenuka: imamangika mukazunguliza mobwerera. Anthu ambiri amaononga crank pokakamiza pedulo imeneyi mbali yolakwika. Pakani girizi pang'ono pa mazinga musanamange. Pa lamba musathire mafuta amtundu uliwonse, angayambe kuterereka.

Ubwino wa njinga yachete ndi woti ikayamba kudwala mumaimva msanga. Kugogoda kamodzi pa mzungulo uliwonse ndi pedulo kapena crank yakhwefuka, ndipo kwa bambo anu yambani kukayikira mbali yakumanja, yomwe imasenza ntchito yambiri. Mukamva zimenezi aime tsiku lomwelo mpaka mumange, chifukwa crank yopalasidwa ili yokhwefuka bowo lake la ngodya zinayi limakula, ndipo siidzamangikanso. Kuguguza kosalekeza kumene kumakula ndi liwiro ndi bering'i. Pedulo ikamapulumuka pamene akankha mwamphamvu, lamba wakhwefuka kapena watha. Kukhula kwa chitsulo ndi chitsulo ndiye kuti chogwira maginito chasuntha n'kukhudza gudumu. Sikirini ikangosonyeza ziro, sinthani mabatire kaye, kenako onani kasensa kali pafupi ndi gudumu la lamba ngati sikadatalikirane ndi kamaginito kake.

Mpando muziuona ndi diso lina. Mu 2023 kampani ya Peloton idalengeza zosintha chitsulo chogwira chishalo pa njinga pafupifupi 2.2 miliyoni ku United States chifukwa pa njinga zina chinkathyoka anthu ali pompo. Munthu wamphamvu akhoza kudzigwira, koma wofooka mbali imodzi amangogwa. Nthawi iliyonse bambo asanakhale, gwedezani mpando muone ngati pini yalowadi m'bowo, ndipo mwezi uliwonse unikani ndi tochi mowotcherera ngati simunachite ming'alu.

Malangizo a World Health Organization a 2020 amati akuluakulu aulumali nawonso azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi mosapyola muyezo, koma poyambira ndi mlingo wake asiyireni a mafizo. Inu ntchito yanu ndi kuvula nsapato ndi sokosi akamaliza, muone phazi lofookalo. Ngati silimva bwino, lamba wa pedulo akhoza kulisupula iwo osadziwa. Kufiira kapena kuda kumene sikukuchoka pakapita kanthawi kukusonyeza kuti lambayo wathina kapena ali malo olakwika.

Tsiku logula, tengeranitu lamba wina wapadera ndi malamba a mapedulo, chifukwa ndi amene amayamba kutha, ndipo makampani amasiya kupanga mtundu wa njinga osakuuzani. Jambulani pa foni kapepala ka pa felemu, nambala ya lamba ndi ya mabering'i zisanafufutike ndi thukuta, ndipo musunge zithunzizo pamodzi ndi buku lake.