Makungwa a mitengo ndi mawondo a amayi anu

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti amayi ake, omwe apitirira zaka 70, mawondo awo amatupa ndi kuphwanya, ndipo ibuprofen amene amamwa tsiku ndi tsiku wayamba kuwatentha m'mimba. Wogulitsa zitsamba pamsika wawauza kuti awiritse makungwa, chifukwa za chilengedwe sizipweteka munthu. Funso lake ndi lakuti, kodi awagulire amayi akewo makungwawo?

Amayi, wogulitsayo sananame pa zonse. Makungwa ena amachepetsadi ululu, ndipo odziwika kwambiri ndi a msondodzi, mtengo womera m'mbali mwa mitsinje. Mu 1763, m'busa wina wa ku England, Edward Stone, analembera bungwe la asayansi la Royal Society kuti anapatsa ufa wa makungwa amenewa anthu pafupifupi 50 otentha thupi ndipo ambiri anapeza bwino. Mu 1828 Johann Buchner wa ku Munich anatulutsamo chinthu chowawa chimene anachitcha salicin. Munthu akachimwa, m'matumbo ndi m'chiwindi chimasanduka salicylic acid. Mu 1897 Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer anakonza m'bale wake wa asidi ameneyu, ndiye aspirin amene mumagula kugolosaleyu. Zinatenga mpaka 1971 kuti John Vane afotokoze kuti aspirin amaletsa thupi kupanga ma prostaglandin, timadzi timene timayambitsa kutupa ndi kumva kuwawa.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi wogulitsa uja. Ma prostaglandin omwewo ndi amene amateteza khoma la m'mimba ndi kuthandiza impso. Ibuprofen wawotcha amayi anu chifukwa chowatseka. Msondodzi ndi wa banja lomwelo, ngakhale suluma m'mimba ngati aspirin. Kumwa zonse ziwiri pamodzi, kapena kumwa makungwa munthu ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kapena ali pa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin, n'kudziputira mavuto. Ana ndi amayi oyembekezera asayese n'komwe.

Nanga pa mawondo penipenipo? Ofufuza anapeza kuti salicin wokwana 240 mg patsiku amathandizako pa msana wopweteka. Koma pa kafukufuku wa ku Germany wa mu 2004, wa anthu a nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno, msondodzi sunapose kwenikweni mapiritsi opanda mankhwala, pamene mankhwala a ululu otchedwa diclofenac anathandiza moonekera. Ndiponso taonani nambalayo, 240 mg, yoyezedwa mu labu. Mu poto wa kunyumba muyeza ndi chiyani? Mphamvu ya khungwa imasintha malinga ndi mtundu wa mtengo, msinkhu wake, nyengo imene linasendedwa. Lero kapu ikhala madzi chabe, mawa ikhala yaukali.

Kenaka pali funso limene ine ndikanayamba nalo: m'kathumbamo muli makungwa a mtengo wanji? Pamsika kwathu kuno n'kovuta kupeza msondodzi. Zimene zimayalidwa pa chiguduli kawirikawiri ndi muwawani, mbawa, nimu ndi zina zosakanizidwa, ndipo zikauma n'kusinjidwa zonse zimafanana. Agogo athu ankadziwa mtengo umene asenda, ankasenda mbali imodzi kuti usaume. Masiku ano mupeza muwawani atauzungulira wonse ndi chikwanje, wauma chiimire. Zimandiwawa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Muwatengere amayi kuchipatala sabata ino, muwauze adokotala za kutentha kwa m'mimbako. Chimbudzi chikamatuluka chakuda ngati phula, musadikire kuti kuche, chifukwa zingatanthauze kuti m'mimba mukutuluka magazi. Afunseni za paracetamol ndi za mankhwala opaka pa bondo ngati diclofenac gel, amene salowa kwambiri m'magazi. Ndipo ngati amayi ayamba kale kumwa makungwa mwakachetechete, monga achitira akuluakulu ambiri, tengani kathumbako mukawaonetse adokotala.