Utolankhani kapena unamwino? Yankho kwa mtsikana wa ku Chawama

Kalata ya pa imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wa ku Chawama amene walandira kumene zotsatira za Giredi 12. Dzina lake ndalisunga. Mwachidule iye akuti: "Anti, Chingerezi, History ndi Civic Education ndakhoza bwino, masamu ndangodutsa. Mtima wanga uli pa wailesi ndi kulemba nkhani, koma atate akuti zimenezo n'zamasewera, ndipite ku unamwino. Ndikaphunzire kuti? Nanga ndikamaliza, ntchito ndidzaipeza?"

Mwana wanga, ndiyambe ndi atate ako, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Namwino kapena mphunzitsi akalembedwa ntchito m'boma, malipiro ake amadziwika, tsiku lolandira limadziwikanso. Mtolankhani wongoyamba kumene pa wailesi yaing'ono amalandira zochepa, mwezi wina zimachedwa, ndipo ena amagwira chaka chathunthu akutchedwa "volunteer" popanda kalata ya ntchito. Atate ako anaonanso nyuzipepala yaikulu ngati The Post ikutsekedwa mu Juni 2016, antchito ake n'kubwerera kunyumba. Anaona Prime TV italandidwa laisensi mu 2020, ngakhale inadzatsegulidwanso chaka chotsatira. Ukamalankhula nawo usawayankhe ngati anthu osadziwa kanthu.

Koma n'zamasewera ayi. Kumbukira kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pomwe bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Anamwino anali m'katimo kupulumutsa miyoyo. Nanga amene ankauza amayi a ku Kanyama ndi ku George kuti athire klorini wochuluka bwanji m'chigubu cha madzi, kuti munthu akayamba kutsegula m'mimba asadikire kuti kuche, anali ndani? Anali anthu a pa wailesi, olemba mauthenga a zaumoyo, ojambula timavidiyo toyenda pa WhatsApp. Uthenga ukalembedwa molakwika kapena m'Chingerezi cha mu ofesi, anthu amafa ndithu.

Tsono za kophunzira. Muno mu Lusaka muli malo atatu amene ndingakutchulire mosakayika.

Ku UNZA, pa Great East Road, kuli digiri ya zofalitsa nkhani ya zaka zinayi. Amafuna makrediti asanu a Giredi 12, Chingerezi chili pomwepo, ndipo opikisana amakhala ambiri, choncho uwerenge bwino chilengezo cha chaka chomwe ukufunsira malo. Kumeneko uphunzira kulemba nkhani, kuulutsa mawu, malamulo okhudza zofalitsa nkhani, kafukufuku, ndi ntchito ya PR, yomwe ndi yolankhulira kampani kapena bungwe kwa anthu. Ali ndi wailesi yawo, UNZA Radio, ndi nyuzipepala ya ophunzira yotchedwa Lusaka Star. Ubwino wa digiri umaoneka pambuyo pake, pomwe mabungwe akuluakulu ndi maofesi a boma alengeza ntchito n'kulemba kuti akufuna wa digiri basi. Za ndalama, pali ngongole ya boma kudzera ku HELSB, bungwe lopereka ngongole za maphunziro apamwamba, koma dziwa kuti ndi ngongole, udzabweza ukayamba ntchito.

Evelyn Hone College, m'tauni momwemo, yakhala ikusula atolankhani kwa zaka zambiri, ndipo ukalowa m'chipinda cholembera nkhani chilichonse m'dziko muno upezamo wina amene anadutsa pamenepo. Amapereka dipuloma, ali ndi wailesi yawo, Hone FM, ndipo maphunziro awo amakufikitsa msanga pa ntchito ya manja. Chachitatu ndi ZAMCOM, sukulu yoona za zofalitsa nkhani zokhazokha. Ndi komwenso kwakhala kukuchitikira maphunziro a MultiChoice Talent Factory, a chaka chimodzi, a achinyamata ofuna kupanga mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV. Kwa makoleji olembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, pita ku ofesi ya khansala wa wadi yanu ukafunse za basale ya CDF. Ambiri amaiphonya chifukwa chochedwa kutenga mafomu.

Mayunivesite ena omwe si aboma aliponso, ena abwino ndithu. Usalipire ngwee imodzi usanaone kuti sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka ndi Higher Education Authority kapena TEVETA.

Funso lomwe ine ndimaliona lalikulu kuposa dzina la sukulu ndi ili: kodi ndidzagwira liti maikolofoni? Pita wekha pa sukulupo, usangodalira zithunzi za pa Facebook. Pempha kuona situdiyo. Yang'ana ngati makompyuta odulira mawu akuyaka, funsa ophunzira amene uwapeze panja kuti kamera anaigwira kangati temu yatha. Akakuuza kuti zipangizo zimatsekeredwa m'kabati mpaka chaka chomaliza, ganiza kawiri. Mkonzi amene adzakulembe ntchito sadzayamba ndi kufunsa magiredi ako. Adzati, "Tione zomwe unalembapo, timve zomwe unajambulapo."

Ndikuuze momwe ntchitoyi imaonekera pafupi, kuti usaiganizire ngati kukhala pa mpando wofewa uli ndi mahedifoni. Tinene kuti mkonzi wakutuma ku Soweto Market m'mawa chifukwa mtengo wa tomato wakwera. Ufika matope ali m'maondo ngati ndi nthawi ya dzinja, a mawilibala akukukuwa kuti upatuke. Mayi woyamba akana kulankhula, akuti mwina ndiwe wa khonsolo. Wachiwiri avomera, koma phokoso la minibasi limeza mawu ake, ndiye uyenera kumupempha mwaulemu kuti musunthire kuseri kwa matumba a anyezi abwerezenso. Ufunsa dzina lake ndi kalembedwe kake, ufunsa bokosi anagula zingati sabata yatha ndi zingati lero, kenaka upeza mlimi amene wabwera ndi lole kuti akuuze chifukwa chake. Pobwerera uli ndi mphindi khumi ndi zisanu za mawu, koma pa nkhani za masana akupatsa masekondi makumi anayi. Kusankha masekondi amenewo, osapotoza zomwe mayi uja ananena, ndiye utolankhaniwo. Ngati pomva izi mtima wako wadumpha ndi chimwemwe, uli pa njira yako. Ngati chimene ukufuna n'kutchuka kokha, udzatopa msanga.

Chinyanja chakocho usachipeputse. Ana ambiri amafika ku koleji akuganiza kuti wailesi ndi kutafuna Chingerezi ngati wa ku London. Koma ZNBC Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno, Chinyanja chili m'gululo. Komboni Radio imalankhula ndi anthu m'chilankhulo cha m'misika ndi m'mabasi. Ku Chipata kuli Breeze FM yomwe anayambitsa a Mike Daka, mtolankhani amene anasiya Lusaka n'kukatsegula wailesi kwawo kum'mawa, ndipo kuli Radio Maria. Anthu otha kutenga bajeti yomwe nduna ya zachuma yawerenga ku Nyumba ya Malamulo n'kuifotokoza m'Chinyanja chomveka, kuti agogo a ku Katete adziwe ngati feteleza atsike kapena akwere, ndi ochepa kwambiri. Phunzira kuchilemba bwino, osati kuchilankhula kokha. Ukawonjezapo Chibemba kapena Chitonga, zitseko zimachuluka.

Chinanso, usaphunzire kufalitsa nkhani kokha popanda nkhani yomwe ukuidziwa mozama. Sankha gawo limodzi ulikakamire: zaulimi, zaumoyo, makhoti, migodi, zachuma. Masamu amene ukuti wangodutsawo usawataye, chifukwa mtolankhani wosatha kuwerengera maperesenti amanamizidwa ndi aliyense wobwera ndi pepala la manambala. Ndipo poti atate ako akufuna zaumoyo, bwanji osakhala wolemba nkhani zaumoyo amene madokotala amamulemekeza chifukwa salakwitsa?

Ntchito zake sizili m'nyuzipepala ndi pa wailesi pokha. Kuli ZANIS, nthambi ya boma yofalitsa nkhani yomwe ili ndi maofesala m'maboma, kuli ZNBC pa Alick Nkhata Road, Times of Zambia, Zambia Daily Mail, News Diggers, Diamond TV, Muvi TV, Radio Phoenix yomwe inayamba mu 1996, ndi mawailesi a m'madera ambirimbiri. Koma anzanga ambiri amene tinayamba limodzi lero ali ku PR: amalankhulira mabanki, makampani a mafoni, maunduna ndi mabungwe othandiza anthu. Kumeneko malipiro amakhala abwinopo, ndipo kuyambira 2022 ntchitoyi ili ndi lamulo lake ndi bungwe lake, ZIPRC, komwe ochita ntchitoyi amalembetsa. Ena amapanga zotsatsa malonda, ena amayendetsa masamba a makampani pa intaneti, ena amajambula maukwati Loweruka kuti apeze ya lendi pomwe akumanga dzina. Ine langizo langa n'lakuti ngakhale ukufuna PR, yamba wagwirako m'chipinda cholembera nkhani zaka zingapo. Udzadziwa chomwe mkonzi amataya m'bini ndi chomwe amasindikiza.

Pali ziwiri zomwe sindingakubisire poti ndiwe mwana wamkazi ndipo ukulowa ntchito ya malipiro ochepa. Choyamba ndi blalizo, kaenvelopu kamene amakupatsira pakutha pa msonkhano n'kumati ndi ya transipoti. Ukakhala ulibe ya basi yobwerera ku Chawama, kukana kumavuta, ndikudziwa. Koma amene wakupatsayo amayembekeza kuti mawa ulemba zomukomera, ndipo tsiku lomwe adzalakwire anthu, cholembera chako chidzalemera. Chachiwiri ndi amuna ena a maudindo, m'maofesi ndi mwa anthu opereka nkhani, amene amauza mtsikana wa pa attachment, amene wabwera kudzaphunzira ntchito, kuti akumane madzulo ku lodge kuti "akambirane bwino". Usapite. Funsa mafunso ako masana, pa ofesi, ndipo uuze mkonzi kapena mphunzitsi wako wamkazi zikangoyamba. Pezanso atolankhani achikulire aakazi oti uziwadalira. Alipo, ndipo ku MISA Zambia, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, ndi ku ZAMWA, bungwe la amayi a zofalitsa nkhani, ndi malo abwino oyambira kuwafunafuna.

Malamulo nawonso uwadziwe. Mlandu wonyoza pulezidenti unachotsedwa m'malamulo mu Disembala 2022, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso ku maofesi a boma linasainidwa mu Disembala 2023. Komabe malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu alipo, ndipo mu 2025 kunabwera malamulo atsopano a za pa intaneti. Zomwe ulemba pa Facebook zingakufikitse kukhoti chimodzimodzi ndi zomwe walemba m'nyuzipepala.

Pomwe ukudikira kuti masukulu alengeze malo, yamba ndi foni yomwe uli nayo. Jambula mawu a anthu atatu a m'dera lanu pa nkhani imodzi, kaya ya madzi, kaya ya ngalande zotsekeka, uwapemphe chilolezo kaye. Dula mawuwo ndi Audacity, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, kufikira atakwana mphindi ziwiri, ulembenso nkhani yomweyo pa tsamba limodzi m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Ukatero khala pansi ndi atate ako madzulo atadya, uwapemphe amvetsere zomwe wapangazo, uwaonetse ndalama zomwe sukulu iliyonse ikufuna ndi komwe basale ingachokere. Ngati kuli amalume kapena azakhali amene atate amawamvera, apemphe akhalepo. Unditumizirenso ine kachidutswako, ndidzamvetsera ndi kukuuza poyenera kukonza.