Funsani Anti Nachisale: Mwana wanga akufuna khungu lake lidereko

Anti, ndine Mchewa wa ku Dedza koma ndikukhala ku Nottingham, ndipo amuna anga ndi mzungu wa konkuno. Mwana wathu woyamba ndi wamkazi, ali ndi zaka 16. Mlongo wake anatengera ine, koma iyeyu anatengera bambo ake kotheratu: khungu loyera mbee, timadontho pamphuno, tsitsi lofiirira. Akakhala padzuwa amangofiira kenako n'kusupuka. Chaka chatha tili kumudzi asuweni ake ankangomuitana kuti mzungu, mpaka anakana kuima nawo pachithunzi cha banja. Kuno nakonso anzake kusukulu amamunena kuti amaoneka ngati wodwala. Panopa wandiumirira kuti ndimulipirire sunbed (makina ogonapo okhala ndi mababu odetsa khungu) isanafike prom, phwando lotsanzikana la kusukulu, ndipo pafoni pake ndinapeza akufufuza mankhwala opopera m'mphuno odetsa khungu. Masiketi anasiya kuvala, akuti miyendo yake ndi yonyansa. Kodi pali njira yoti adereko popanda kudzivulaza? Nanga ndimuuze chiyani?

Mayi wosowa mtendere, Nottingham

Achemwali, za sunbed zija musatulutse ngakhale ndalama imodzi. Ndipotu ngakhale mukanafuna, boma linakukanirani kale. Ku England ndi ku Wales kuli lamulo la 2010 loletsa eni malo amenewa kulola munthu wosakwana zaka 18 kugona pa sunbed, kaya makolo avomereza kapena ayi. Malo amene angamulandire mwana wanuyo ndiye kuti ndi oswa lamulo, nanga za mphamvu ya mababu awo mungawakhulupirire bwanji?

Lamuloli silinangobwera. Mu 2009 bungwe la IARC, lomwe limafufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika makina amenewa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, momwe mulinso fodya ndi asbestos. Chaka chomwecho dziko la Brazil linawaletsa. Ku Australia kunali mtsikana wina, Clare Oliver, amene anamwalira mu 2007 ali ndi zaka 26 zokha. Masabata ake omaliza anawathera m'chipatala akuchenjeza anzake kudzera pa wailesi yakanema za makina omwewa, ndipo pofika mu 2015 bizinesi ya sunbed inali itatsekedwa pafupifupi m'dziko lonselo. Ofufuza ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri mu 2012 anapeza kuti amene wayamba sunbed asanakwane zaka 35, chiopsezo chake chodwala khansa yapakhungu yotchedwa melanoma chimakwera ndi 59 peresenti.

Mwana wanu ayenera kumvetsa chimene chimachitika khungu likamadera. Cheza cha dzuwa chotchedwa UV chikalowa m'khungu chimawononga DNA ya m'maselo, ndiye thupi pofuna kudzitchinjiriza limathamangira kupanga melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake. Ndiye kuti mtundu wabulauniwo umabwera kuwonongeka kutachitika kale. Inu ndi ine melanin wathu tinabadwa naye wambiri, ndipo ndi wamtundu wakuda umene umatchingadi. Anthu atsitsi lofiirira ndi timadontho amapanga wamtundu wofiira umene sutchinga kwenikweni. Dokotala wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, anayambitsa mu 1975 njira yogawa khungu la anthu potengera mmene limachitira padzuwa, ndipo lero pali magulu 6. Mmene mwamufotokozera, mwana wanu ali m'gulu loyamba kapena lachiwiri, la amene amapsa msanga koma osadera kwenikweni. Angagone pa sunbed mpaka ndalama zanu kutha, chimene angapeze ndi kufiira, timadontho tochuluka ndi makwinya ofulumira. Anzake akamuuza kuti ayambe wadera pang'ono kuti asadzapse kunyanja, muuzeni kuti chitetezo chake sichiposa 3 kapena 4 pa SPF, muyezo wa mphamvu yoteteza khungu ku dzuwa.

Ine ndine namwino, ndipo mabala a melanoma ndawatsukapo. Kadontho kamene kakuchotsedwa kamakhala kochepa, koti mungakaphimbe ndi nsonga ya chala. Koma dokotala sachotsa kokhako ayi, amadulanso khungu labwinobwino la sentimita imodzi kapena awiri kuzungulira, ndiye mtsikana amadzuka ndi msoko wautali pamsana kapena pamwendo, nthawi zina ndi bala linanso m'khwapa momwe achotsa mwanabere kuti akamupime. Amenewo ndi amwayi, oti agwidwa msanga.

Mankhwala opopera m'mphuno aja amandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa amafika pa positi inu osadziwa. Dzina lake ndi Melanotan II, amabweranso ngati jakisoni, ndipo bungwe loona za mankhwala ku Britain la MHRA silinawavomereze. Palibe amene amayang'anira zimene zili m'kabotolomo. Amachititsa nseru ndi kusanza, amadetsa ndi kusintha timadontho takale ta pakhungu, zomwe zimasokoneza ngakhale dokotala pofuna kuzindikira khansa. Mapilisi odetsa khungu okhala ndi canthaxanthin nawonso ayi, amasiya timiyala tating'ono mkati mwa diso. Mufunseni mwachifatse ngati anaitanitsa kale. Mukamukalipira adzangophunzira kubisa.

Njira imene ndingavomereze ndi ya m'botolo, imene kuno amati fake tan. Muli mankhwala otchedwa DHA, omwe ndi mtundu wa shuga. Mphamvu yake inadziwika m'zaka za m'ma 1950 ku Cincinnati, pamene Eva Wittgenstein ankamwetsa ana odwala mankhwalawa n'kuona kuti pamene adonthera pakhungu pakusanduka bulauni. DHA amagwirana ndi maselo akufa a pamwamba penipeni pa khungu, mofanana ndi mmene mandasi amasandukira bulauni kunja mkati muli moyera. Safuna dzuwa, ndipo mtunduwo umafufutika wokha pakatha masiku 5 mpaka 7, maselo akalewo akamayoyoka.

Kupaka kwake kumafuna luso pang'ono. Gulani wolembedwa kuti gradual, wa khungu loyera, osati wakuda kwambiri pa shelefu, chifukwa pa khungu ngati lakelo umatuluka ngati lalanje. Ayambe wayesa kachigawo kakang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku lathunthu kuona ngati sipakuyabwa. Asambe n'kudzikhula bwino dzulo lake, ndipo ngati akumeta miyendo ametenso dzulo lomwelo. Pazigongono, m'mawondo ndi mu akakolo apakepo kaye mafuta wamba, poti khungu louma limamwa mankhwala ambiri n'kuda kuposa pena ponse. Avale golovesi yopakira, apo ayi m'zikhatho mudzaulula zonse. Akatha avale zovala zakuda zotakasuka ndipo asasambe kwa maola amene alembedwa pabotolo. Mudzamva kafungo ngati ka mabisiketi, musadabwe, ndipo nsalu zanu zoyera za pabedi muchotseretu. Akasankha kukapoperedwa ku saluni, atseke maso ndi milomo ndipo asapumire nkhunguyo.

Koma mtundu wa m'botolo suteteza ku dzuwa ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pamene atsikana ambiri amapusitsika. Malangizo a NHS, bungwe la zaumoyo la boma kuno, ndi akuti mafuta oteteza ku dzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposa, okhala ndi nyenyezi 4 kapena 5 pabotolo zosonyeza chitetezo ku cheza cha UVA, opakidwa mokwanira ndi kubwereza maola awiri aliwonse komanso akangotuluka m'madzi. Kuyambira Marichi mpaka Okutobala afune mthunzi pakati pa 11 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Limenelo ndi dzuwa la ku England. Mukapita kumudzi, makamaka mukatsikira kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi mu Okutobala, muyezo wa UV umafika 11 n'kupitirira, ndipo khungu ngati lake lingapse m'mphindi 15. Ku Dedza kumanyenga chifukwa cha kamphepo kozizira, chonsecho pamalo okwera cheza chimakhala champhamvu kwambiri. Mafutawa mugulire kuno. Mukagula, onjezerani botolo lina la wachibale kapena mnansi wachialubino, chifukwa kwa iwo nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino opitirira 134,000 m'Malawi, ndipo khansa yapakhungu imawatenga ambiri akadali achinyamata.

Akanena za vitamini D, m'nyengo yozizira aliyense ku Britain amalangizidwa kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku. Amene mukufunika kwambiri mapilisi amenewo ndinu, achemwali, osati iye.

Tsopano tikambirane za chithunzi chija anakana, chifukwa ndikuona kuti mutu wa kalata yanu uli pamenepo. Fake tan idzamupatsa kamtundu kagolide, idzatseka pakamwa anzake a kusukulu, mwina adzavalanso siketi. Koma siidzamufananitsa ndi asuweni ake a ku Dedza, ndipo ndi bwino mumuuziretu zimenezi kuti asadzaganize kuti botolo lachiwiri kapena lachitatu ndi limene lidzathetse vuto. Mwanayu amaona mlongo wake akuyenda nanu anthu osafunsa kanthu, pamene iye mwina anamvapo wina m'sitolo akufunsa ngati ndinu wantchito womulera. Akufuna anthu azimuona n'kudziwa kuti ndi wanu.

Pamenepa muli ndi chida chimene amayi ambiri alibe. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Mwana wanuyo ndi mbumba ya achimwene anu, ndipo pamwambo wathu mudzi umenewo ndi wake kuposa ana a achimwene anuwo, amene kwawo ndi kwa amayi awo. Kodi munamuuzapo zimenezi? Nanga amalume ake anamuuzapo ndi pakamwa pawo? Aimbireni foni, muwauze mosabisa kuti nthabwala ya mzungu ija inamulasa mwana, ndipo muwapemphe kuti adzudzule anawo ndi kumuimbira mwana wanuyo iwo eni. Asuweni sanaganize zoipa, ndikudziwa, chisuweni chimayenda ndi kunyogodolana. Kungoti iye sanakulire m'menemo moti n'kudziwa kubweza. Muphunzitseni mawu awiri atatu obwezera m'Chichewa, asuweni akaseka naye m'malo momuseka zinthu zimasintha msanga. Ndipo sindingadabwe ngati ena mwa amene ankamusekawo ali ndi kabotolo ka mafuta oyeretsa khungu m'chikwama, ogula pamsika, akulakalaka khungu lomwe iye akulida.

Inunso samalani ndi pakamwa. Kumuuza kuti ndiwe wokongola, usamadandaule, kumatseka nkhani iye asanamalize kulankhula. Mufunseni kuti anamva bwanji tsiku la chithunzi lija, kenako khalani chete mumve. Bambo ake asakhale patali, khungu limeneli ndi lawo, ndipo akamva mwana akulitcha lonyansa ali ndi mbali yawo yoti anene. Onaninso zimene amaonera pa TikTok ndi Instagram, mukhale naye pansi achotse okha amene amamusiya akudzida akatha kuwaonera.

Pali malire amene nkhaniyi imaposa ya m'nyumba. Ngati akutha maola pagalasi kapena akulithawa kotheratu, akujomba kusukulu chifukwa cha maonekedwe, wayamba kudumpha chakudya, kapena mwaona mabala m'mikono, pitani kwa GP, dokotala wa banja lanu, sabata yomweyo. Pali vuto lodera nkhawa mopitirira muyezo ndi maonekedwe, lotchedwa body dysmorphic disorder, limayamba kwambiri pa msinkhu womwewu ndipo limachizika ndi uphungu wa CBT. Pa zaka 16 akhoza kulowa yekha kwa dokotala ngati sakufuna kulankhula inu mulipo, ndipo a Childline, bungwe lomvera ana ndi achinyamata pafoni, amayankha ulere pa 0800 1111 usana ndi usiku. Mukapita kwa GP, aonenso kadontho kalikonse kamene kakukula, kusintha mtundu, kuyabwa kapena kutuluka magazi.

Za prom, musadikire dzulo lake. Yesani botololo kutatsala masabata atatu, Lachisanu madzulo, pamiyendo pokha, kuti likalakwika likhale litafufutikako asanaonekere kwa anzake. Likamukomera mudzapake thupi lonse kutatsala masiku awiri. Kumsana sangafikeko yekha, ndiye mugule magolovesi awiri.

Anti Nachisale