Msonkho Wadya Ndalama za Tchuthi cha Ana: Yankho kwa Mayi wa Ana Atatu

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo yaitali, ndipo ndaifupikitsa motere. Ali ndi ana atatu, wa zaka 7, wa zaka 4 ndi wa zaka 2. Pofuna kuti anawo asangokhala pakhomo tchuthi chonse, mayiwa anagwira ovataimu mwezi wathunthu, koma pepala la malipiro litabwera anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zowonjezerazo lapita ku msonkho. Ndi zotsalazo anatengera ana kumalo osungirako nyama, ndipo madzulo ake, poyang'ana malisiti a pakhomo lolowera, a chakudya ndi a zoseweretsa, anaona kuti pansi pa lisiti lililonse pali kamzere ka timalemba ting'onoting'ono kosonyeza VAT, msonkho wa pa zogula. Mwana wamng'ono anagona pafupifupi ulendo wonse, ndipo wapakati analira panjira pobwerera. Mafunso awo ndi atatu: kodi kudulidwa kawiri chotere si kuberedwa, kodi asiye kugwira ovataimu, ndipo pa masabata otsalawa atenge ngongole kapena ana angokhala pakhomo?

Mayi, simunawerengere molakwa, ndalama yanu yadulidwadi kawiri, ndipo malamulo a mayiko ambiri anakonzedwa dala kuti zizikhala choncho. Msonkho woyamba ndi wa pa zomwe munthu wapeza. Ku Britain unayamba m'chaka cha 1799, pamene nduna yaikulu William Pitt inkafuna ndalama zomenyera nkhondo ndi France, ndipo mu 1944 dzikolo linayambitsa njira ya PAYE, yoti bwana azidula msonkhowo malipiro asanafike m'manja mwa wantchito. Msonkho wachiwiri ndi wa pa zomwe munthu wagula. VAT inayambira ku France mu 1954, woiganiza anali mkulu wina wa zamisonkho dzina lake Maurice Lauré, ndipo lero ikutoleredwa m'mayiko oposa 160. Maboma amaikonda chifukwa amene amatolera ndi ogulitsa, ndipo wogula amailipira pang'onopang'ono osamva kuwawa, kufikira tsiku limene wakhala pansi ndi malisiti monga munachitira inu.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo manambalawa ndi ongoyerekezera, si a dziko lina lililonse. Tinene kuti pa ovataimu munapeza ndalama 100, ndipo PAYE inatenga 30, inu n'kutsala ndi 70. Tinenenso kuti VAT ili pa 20 peresenti ndipo inaphatikizidwa kale mu mtengo. Ambiri amaganiza kuti msonkhowo ndi 20 peresenti ya zomwe alipira, koma si choncho, pakuti chinthu cha 100 chikagulitsidwa 120, msonkho ndi 20 pa 120, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 6 a zomwe mwapereka. Choncho pa 70 yanu ija, pafupifupi 12 yapita ku VAT. Mukaphatikiza, boma latenga pafupifupi 42 pa 100 imene munaigwirira ntchito usiku, ndipo zomwe zafika kwenikweni kwa ana anu ndi za 58. Ndikukulimbikitsani kuti muwerengere chimodzimodzi pogwiritsa ntchito manambala a pa pepala lanu la malipiro, chifukwa mkwiyo wa munthu amene akudziwa nambala yake umamveka bwino kwa akuluakulu kuposa mkwiyo wongoti zinthu zavuta.

Pali chifukwa chimene msonkho wa pa zogula umapwetekera kwambiri banja ngati lanu. Munthu wa malipiro ambiri amene alibe ana amadya gawo la ndalama zake n'kusunga zina, ndipo zosungidwazo VAT siizikhudza kufikira atazigulira chinthu. Banja la ana aang'ono limawononga pafupifupi ndalama zonse mwezi usanathe, pa nsapato zothina pakangopita miyezi yochepa, pa mankhwala, pa zofunika kusukulu, moti ndalama zake zochuluka zimadutsa pa msonkhowo. Pakhomo lolowera, munthu wosakwatira amagula tikiti imodzi, inu mumagula zinayi kapena zisanu kuchokera m'malipiro amodzi omwewo. Maboma ena anavomereza kuti dandaulo limeneli ndi loona ndipo anachitapo kanthu. Ku Britain ndi ku Ireland zovala ndi nsapato za ana aang'ono sizilipiridwa VAT. Ku France, kuyambira mu 1945, msonkho wa pa malipiro umawerengeredwa poganizira kuchuluka kwa anthu m'banja, moti banja la ana ambiri limalipira wocheperako. Ku South Africa boma linayamba mu 1998 kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa olera ana m'mabanja osauka. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti momwe msonkho umagwera pa makolo ndi chinthu chimene aphungu amasankha ndipo angathe kuchisintha.

Pa funso la ovataimu ndikufuna kuchotsa kaye mantha amene ndimawamva kawirikawiri, akuti munthu akapeza zambiri amalowa m'gulu la msonkho wokwera ndipo amatsala ndi zochepa kuposa poyamba. M'mayiko amene msonkho umakwera ndi malipiro, ndalama zimagawidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi peresenti yake. Peresenti yokwera imagwira ndalama zokhazo zimene zadutsa malire, pomwe zapansi zimadulidwa monga kale. Ovataimu imaoneka ngati yalangidwa chifukwa imakhala pamwamba pa malipiro a masiku onse, ndiye yonse imagwera m'gawo lanu lokwera kwambiri, pamene malipiro a masiku onse ali ndi gawo losadulidwa konse kapena lodulidwa pang'ono. Munthu angatayedi pokhapokha ngati pali thandizo la boma limene limaima malipiro akafika pamlingo wina. Komanso m'mayiko ena, mwezi umene malipiro akwera mwadzidzidzi amadula mopitirira, ndipo ndalamazo zimabwezedwa kapena kuwongoleredwa m'miyezi yotsatira. Pitani ku ofesi yowerengera malipiro kuntchito kwanu, mukawapemphe kuti akusonyezeni mzere ndi mzere momwe anawerengera, ndipo mufunsenso ngati pali zochotsera za ana kapena za penshoni zimene lamulo limalola koma inu simunazilembetse.

Funso lenileni ndi lakuti kodi 70 ija, mutachotsaponso ndalama yoyendera usiku ndi ya wokusungirani ana, ikulingana ndi madzulo onse amene anawo anagona musanafike. Kwa mwana wa zaka 2 ndi wa zaka 4, ine ndikuona kuti sikulingana. Ngati ovataimu ndi yolipirira nyumba kapena sukulu, igwireni ndithu, koma kugulitsa madzulo a mwezi wathunthu kuti mugule tsiku limodzi la chisangalalo ndi malonda amene ana aang'ono sapindula nawo.

Mukadandaula za msonkho, ena adzakuyankhani kuti walira mvula walira matope, ndiye kuti wofuna misewu ndi zipatala alole kulipira. Mwambiwo ndi woona, koma umagwira ntchito pamene mvulayo yagwadi, ndipo m'imelo yanu mwanena kuti paki ya m'dera lanu ili ndi makatungwe othyoka ndi zimbudzi zotsekedwa. Munthu amene wapatsidwa matope okhaokha ali ndi ufulu wofunsa. Katswiri wa zachuma wa ku Scotland, Adam Smith, analemba mu 1776 kuti msonkho wabwino uyenera kulingana ndi mphamvu za wolipira, uyenera kudziwika bwino osati kusinthasintha mwa chifuniro cha wotolera, uyenera kutoleredwa pa nthawi yoyenera kwa wolipira, ndiponso usamadye ndalama zambiri pa kutolera kwakeko. Muyeso umenewu ungakuthandizeni kulemba kalata yomveka kwa phungu kapena khansala wanu, yotchula paki imeneyo, zimene zathyoka ndi nthawi imene zakhala choncho. Makolo khumi akasaina kalata yotere, imalemera kuposa madandaulo mazana a pa Facebook. Chimene sindingakulangizeni ndicho kuvomera wogulitsa akamati musatenge lisiti kuti akutsitsireni mtengo, chifukwa nthawi zambiri VAT imakhala ili kale mu mtengowo, ndipo popanda lisiti imangolowa m'thumba mwake, inu n'kukhala opanda umboni chinthucho chikapezeka choipa.

Ngongole ya tchuthi musatenge. Sukulu ikatsegulidwa idzabwera ndi zofuna zake, ndipo chiwongoladzanja chidzakhala kudula kwachitatu pa ndalama yomwe ija, kudula kumene mwakuitana nokha.

Izi sizikutanthauza kuti ana atsekeredwe m'nyumba. Malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azithamangathamanga ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, azigona maola 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana, ndiponso asamamangiriridwe pampando kapena m'kangolo kokankhiramo mwana kopitirira ola limodzi nthawi imodzi. Mukayerekeza ndi ulendo wanu uja, wa maola ambiri m'galimoto, kuima pamzere wa matikiti ndi kuyenda pakati pa chikhamu cha anthu, muona kuti kulira kwa wapakati ndi tulo ta wamng'ono sikunali kusayamika. Thupi lawo linkangochita zimene thupi la msinkhu umenewo limachita. Ndiponso anthu akuluakulu ambiri sakumbukira chilichonse cha moyo wawo asanakwanitse zaka zitatu, moti tikiti ya mwana wa zaka 2 imagula chithunzi cha makolo, osati chikumbukiro cha mwanayo. Mukamusiya mwana wotere pabwalo, amatha theka la ola akukwera ndi kutsika masitepe atatu omwewo, kapena akudzaza timiyala m'nsapato yake n'kuitaya n'kuyambiranso, ndipo akatero amakhala wagwira ntchito yake ya tsikulo.

Choncho yambani ndi malo amene msonkho wanu unalipira kale. Paki, bwalo la masewero, laibulale ya boma ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zanu, ngakhale zitakhala zosasamalidwa bwino, ndipo zikamagwiritsidwa ntchito ndi mabanja ambiri zimavuta kuzinyalanyaza pokonza bajeti. Mayiko ena anafika patali pa mfundo imeneyi: nyumba zikuluzikulu za boma zosungiramo zakale ku Britain zinasiya kulipiritsa pakhomo mu 2001, ndipo za bungwe la Smithsonian ku Washington anthu amalowa ulere. Kwanuko funsani ngati pali tsiku lolowa mosalipira, msinkhu umene mwana salipira, kapena tikiti ya banja lonse, chifukwa zoterezi sizilengezedwa mokweza. Nyamukani m'mawa kusanatenthe, mutenge madzi ndi chakudya chochokera kunyumba, ndipo mubwerere ana akadali osangalala, nthawi ya tulo ta masana isanakwane. Maulendo afupiafupi angapo pa sabata amaposa ulendo umodzi waukulu, ndipo mukagwirizana ndi kholo lina kuti muzisinthana masiku otengera ana, aliyense wa inu adzapezako tsiku lopuma. Chenjezo limodzi lokha ndilitchule motsindika: ngati komwe mukupitako kuli madzi, kaya dziwe losambiramo kaya mtsinje, mwana wamng'ono akhale pomwe dzanja lanu lingamufikire, chifukwa mwana akamamira sakuwa, ndipo wa zaka 7 sangaikidwe kukhala mlonda wa azing'ono ake.

Amene akufunikiradi ulendo wolipira ndi wamkuluyo. Iye adzakumbukira, ndipo sukulu ikatsegulidwa adzamva anzake akusimba komwe anapita. Ngati pali kandalama kotsala, mutengeni yekha tsiku lina, azing'ono ake atatsala ndi bambo awo kapena wachibale, ndipo mudzagula matikiti awiri m'malo mwa asanu. Muuzeni ndalama imene ilipo, mumupatse malo awiri kapena atatu amene ndalamayo ingakwanire, asankhe yekha. Pa msinkhu wake angathenso kuwerenga lisiti, ndiye mungamusonyeze kamzere ka VAT kaja n'kumufotokozera kuti gawo limenelo limapita ku boma kuti likalipire aphunzitsi, misewu ndi mankhwala, komanso kuti akuluakulu amatsutsana ngati ndalamazo zikugwira ntchito yake. Musamuuze kuti sitikupita chifukwa boma latibera, pakuti mwana wa zaka 7 akamva mawu otere amayamba kuda nkhawa ndi ndalama za pakhomo, ndipo ena amasiya kupempha ngakhale zinthu zofunika monga kope latsopano kapena nsapato pamene yakale yathina. Kumuuza kuti mwezi uno tili ndi ndalama ya ulendo umodzi, ndipo iwe ndiwe usankhe, n'kokwanira.